Kodi Munthu Angadzidziwe Bwanji? Mafunso ndi Mayankho pa Kudzisanthula

Kudzisanthula ndi chizolowezi choima kaye n'kuunika zimene munthu wachita, zimene wanena ndi mmene wamvera mumtima, pofuna kumvetsa chimene chimamuyendetsa. Azipembedzo akhala akuchilimbikitsa kwa zaka mazanamazana, ndipo akatswiri a kaganizidwe ka munthu achiyesa pa kafukufuku wochuluka. Zimene apeza zikuvomereza kuti chizolowezichi n'chaphindu, koma zikutsutsa zambiri zimene anthu amakhulupirira za mmene chimagwirira ntchito.

Kodi kudzisanthula kumasiyana bwanji ndi kungoganiza?

Aliyense amaganiza tsiku lonse, koma zambiri zodutsa m'mutu zimabwera zokha n'kupita zokha: mtengo wa feteleza, fizi ya mwana, mawu amene wina anayankhula pamaliro. Kudzisanthula kumayamba pamene munthu wasankha nkhani imodzi n'kudziika iye mwini pampando wa wofunsidwa. Mayi amene wakalipira mwana mopyola muyeso akhoza kugona akuganiza za mwanayo usiku wonse, osadzisanthula n'komwe. Wayamba kudzisanthula akadzifunsa kuti mkwiyo unayamba nthawi yanji, anali atatopa kapena ayi, ananena mawu ati ndendende, ndiponso ngati zoterezi zimachitika tsiku lililonse limene malonda sanayende kumsika. Funso lomalizali ndilo lofunika kwambiri. Zochitika za tsiku limodzi sizisonyeza khalidwe la munthu. Khalidwe limaonekera pa zimene zimabwerezabwereza, ndipo ndizo zimene wodzisanthula amasaka.

Kodi zimenezi si nzeru za Azungu? Makolo ankadzisanthula?

Chizolowezichi chilibe mwini. Ku Greece wakale, pakachisi wa ku Delphi panalembedwa mawu olangiza munthu kuti adzidziwe, ndipo Socrates, amene anaweruzidwa kuti afe ku Athens m'chaka cha 399 Khristu asanabadwe, ankapanikiza anthu ndi mafunso kuti aone ngati akudziwadi zimene amati akudziwa. Seneca wa ku Rome ankabwereza tsiku lake lonse m'maganizo usiku uliwonse nyale ikachotsedwa. Marcus Aurelius, mfumu ya Aroma kuyambira 161 mpaka 180, ankalemba malangizo odzidzudzula yekha, ena ali kumisasa ya nkhondo. Augustine, bishopu wa ku Hippo m'dziko limene lero ndi Algeria, analemba za m'kati mwa mtima wake cha m'ma 400, ndipo ku Baghdad al-Muhasibi, amene anamwalira mu 857, ankaphunzitsa Asilamu kudziwerengera okha ntchito zawo tsiku la chiweruzo lisanafike. Ku Malawi, Mkatolika amasanthula mtima wake asanakalape, Mkhristu wa CCAP amalangizidwa kudziyesa Mgonero usanafike, ndipo Msilamu amachita chimodzimodzi m'mwezi wa Ramadan. Mwambo wa makolo unali nayo njira yake, kungoti sinali ya munthu mmodzi wodzitsekera m'nyumba. Namwali ankakhazikidwa pansi, anankungwi n'kumutchulira zimene makolo ndi anansi anamuona nazo, monga mwano ndi ulesi. Banja likavuta, ankhoswe samva dandaulo lokha, amafunsanso wodandaulayo mbali yake. Pansi pa zonsezi panali mfundo yakuti munthu sangadzione yekha mokwanira, ndipo pa mfundo imeneyi makolo sanalakwitse.

Kodi si mwini wake amene amadzidziwa kuposa wina aliyense?

Pa zina inde, pa zina ayi. Munthu amadziwa chimene wasankha ndi mmene akumvera, koma akafunsidwa chifukwa chake, kawirikawiri amapeka yankho lomveka bwino n'kulikhulupirira yekha. Mu 1977, Richard Nisbett ndi Timothy Wilson a ku yunivesite ya Michigan anafotokoza za kafukufuku amene anayala patebulo mapeya anayi a masokosi a amayi ofanana ndendende, n'kupempha anthu odutsa kuti asankhe abwino koposa. Peya imene inali kumapeto kudzanja lamanja inasankhidwa pafupifupi kanayi kuposa imene inali kumapeto kumanzere. Osankhawo anatchula kalukidwe ndi kutamuka kwa masokosiwo, koma panalibe anatchula malo amene anali patebulopo, ndipo atafunsidwa mwachindunji pafupifupi onse anakana kuti malowo anawakoka. Mu 2005, Petter Johansson ndi Lars Hall a ku Lund m'dziko la Sweden ankaonetsa anthu zithunzi ziwiri za nkhope kuti asankhe yokongola, kenako mochenjera n'kuwapatsa chithunzi chimene sanasankhe. Pa maulendo anayi alionse, kusinthako kunkadziwika pafupifupi kamodzi kokha. Otsalawo ankapereka zifukwa zosankhira nkhope imene anaikana posachedwapa. Palinso kudzikomera mtima. Pa kafukufuku wa Ola Svenson wa mu 1981, ophunzira 93 mwa 100 alionse amene anafunsidwa ku America ndi 69 ku Sweden anati amayendetsa galimoto mwaluso kuposa theka la anzawo, zimene sizingatheke mwa masamu. Anthu onsewa sankanama dala. Kumva mumtima kuti chifukwa chachidziwika si umboni woti chifukwacho ndi choona.

Ngati maganizo amasocheretsa chonchi, kudzisanthula kuli ndi phindu lanji?

Phindu lilipo, malinga ngati munthu akuyang'ana pamalo oyenera. Simine Vazire anasonyeza mu 2010 kuti mwini wake ndiye amadziwa bwino zinthu zobisika monga nkhawa, pomwe abwenzi ake amaweruza molondola kuposa iye pa zinthu zokhudza ulemerero wake, monga kuchuluka kwa nzeru ndi luso lopanga zatsopano. Choncho kudzisanthula kodalirika kumatsamira pa umboni umene munthu sangaupotoze mosavuta. Amene amati banja lake ndilo loyamba ayang'ane kumene malipiro a mwezi watha anapita ndi kumene anathera Loweruka. Amene amadzitcha woleza mtima awerenge anthu amene sakuyankhulana nawo. Ndalama, nthawi, malonjezo osungidwa ndi osweka, anthu amene munthu amawapewa ndi amene amawachitira nsanje, zonsezi zimanena zoona kuposa nkhani imene amadziuza. Nsanje makamaka ndi mboni yabwino, chifukwa imaulula chimene munthu akufuna koma sakuvomereza kuti akuchifuna.

Munthu angayambe bwanji?

Njira yosavuta ndi yakale lomwe ija ya madzulo, ngati ya Seneca. Ignatius wa ku Loyola, amene anayambitsa chipani cha Ajezuwiti ndipo anamwalira mu 1556, analangiza kuyamba ndi kuthokoza, kenako kudutsa m'tsiku lonse ora ndi ora, kuona pamene munthu analakwa, n'kutsiriza ndi chimene achite mawa. Ngakhale wosapemphera akhoza kutsata ndondomeko yomweyi. Mphindi 10 kapena 15 n'zokwanira, ndipo nkhani imodzi patsiku imaposa nkhani khumi zogwiridwa pamwamba. Malo sayenera kukhala apadera: pakhonde ana atagona, panjira yochokera kumunda, kapena m'mawa nyumba isanadzuke. Chovuta ndi kukhala chete. Mu 2014, gulu la Wilson ku yunivesite ya Virginia linasiya anthu m'chipinda kwa mphindi 15 opanda foni kapena chowerenga, muli kachipangizo kopweteka ndi magetsi kamene iwo anali atanena kale kuti angalipire ndalama kuti akapewe. Amuna 12 mwa 18 ndi akazi 6 mwa 24 anadzipweteka okha m'malo mongokhala ndi maganizo awo. Woyamba kumene asadabwe dzanja likamathamangira ku foni. Ndi bwino kuiika kutali asanayambe.

Ndi mafunso otani amene amathandiza?

Amathandiza ndi amene ali ndi yankho loti munthu angaliloze: chinachitika n'chiyani, panali ndani, ndinamva chiyani m'thupi mawu aja asanatuluke, ulendo wina ndingachite chiyani. Funso lakuti "n'chifukwa chiyani ndili chonchi" limaoneka lakuya, koma ndilo limatsegula khomo la zifukwa zopeka. Mu 1991, Wilson ndi Jonathan Schooler analawitsa ophunzira mitundu isanu ya jamu. Amene anangolawa n'kusankha anagwirizana kwambiri ndi akatswiri olawa zakudya kuposa amene anauzidwa kulemba kaye zifukwa zawo. Pa kafukufuku wina wa mu 1993, amene anafotokoza zifukwa asanasankhe chithunzi chokoloweka pakhoma anapezeka osakhutira kwenikweni ndi chosankha chawo patapita milungu ingapo. Zifukwa zosavuta kuzinena zinakankhira pambali zimene mtima unkadziwa kale. Njira ina yothandiza ndi kudziyang'ana patali. Ethan Kross ndi Özlem Ayduk anapeza kuti munthu akamalingalira za vuto lake ngati woonerera, kapena akamadzitchula dzina m'maganizo m'malo monena kuti "ine", mkwiyo ndi mantha zimachepa ndipo amaona nkhaniyo bwino. Si zachilendo: ambiri amalangiza anzawo mwanzeru pa mavuto omwewo amene iwo eni amalephera kuwamasula.

Kodi n'kofunika kulemba? Nanga amene sadziwa kulemba atani?

Kulemba si lamulo, koma kuli ndi ubwino wake. Zolembedwa sizisintha, pomwe chikumbukiro chimakonza zakale kuti zigwirizane ndi mmene munthu akumvera lero. Amene analemba mu Januwale kuti ntchito ina ikumusowetsa mtendere sangadzinamize mu Julaye kuti anali wokondwa. Kulemba kumakakamizanso maganizo osakanikirana kukhala nkhani yokhala ndi poyambira ndi pothera. Mu 1986, James Pennebaker ndi Sandra Beall anapempha ophunzira ku Texas kuti alembe mphindi 15 patsiku kwa masiku anayi otsatizana. Amene analemba za zowawa zimene anakumana nazo pamodzi ndi mmene anamvera anali olemedwa mtima atangomaliza, koma m'miyezi yotsatira anapita kuchipatala maulendo ochepa kuposa amene analemba nkhani wamba. Kafukufuku wambiri wotsatira wapeza kuti phindu lake lilipo koma ndi laling'ono, ndipo silifika kwa aliyense. Wosadziwa kulemba akhoza kudzijambula mawu pa foni, kuyankhula mokweza ali yekha, kupemphera motchula zinthu mayina ake, kapena kufotokozera mnzake womvetsera. Wolemba asamale pamene akusunga kope lake, chifukwa munthu woopa kuti wina awerenga salemba zoona.

Kudzisanthula kumasiyana bwanji ndi kuganiza kwambiri kumene kumadwalitsa?

Apa ndi pamene ambiri amasochera, poganiza kuti kulingalira kukachuluka ndiye kuti nzeru zachulukanso. Susan Nolen-Hoeksema anathera zaka zambiri akufufuza za chizolowezi chobwereza m'mutu chisoni ndi zolakwa popanda kufika pa chochita. Mu Okutobala 1989, chivomezi chachikulu chinagwedeza dera la San Francisco patangopita milungu iwiri iye ndi Jannay Morrow atafunsa ophunzira a ku Stanford za kaganizidwe kawo. Atawafunsanso patapita masiku 10, kenako milungu 7, anapeza kuti amene anali ndi chizolowezi chobwerezabwereza zowawa ndiwo anali ndi zizindikiro zambiri za kukhumudwa. Kusiyana kwake kumadziwika ndi zipatso. Wodzisanthula amatuluka ndi kanthu katsopano: mfundo imene sanaione, munthu woti akamupepese, kapena chinthu choti asiye. Woganiza kwambiri ali ngati mbuzi yomangidwa pachikhomo, imene imayenda tsiku lonse koma pamalo omwewo. Mafunso ake ndi akuluakulu ndi opanda yankho, amabwera okha makamaka pakati pa usiku, ndipo amamusiya wotopa kuposa poyamba. Mankhwala ake oyamba ndi malire: nthawi yodzisanthula ikhale ndi pothera, ndipo ngati ganizo lomwelo labwera kachitatu popanda chatsopano, ndi nthawi yodzuka n'kugwira ntchito ya manja kapena kupita kwa anthu.

Kodi munthu angafunse bwanji ena za khalidwe lake popanda kuyambitsa chidani?

Mu 1955, Joseph Luft ndi Harrington Ingham anagawa zodziwika za munthu m'zigawo zinayi: zimene iye ndi anzake onse amadziwa, zimene amadziwa yekha, zimene palibe akudziwa, ndi zimene anzake amaona koma iye sakuziona. Chigawo chomalizachi sichingachepe ndi kusinkhasinkha kwa mtundu uliwonse. Chimachepa pokhapokha wina akanena. Paja akuluakulu anati wakutsina khutu ndi mnansi. Woyenera kufunsidwa ndi amene amamufunira munthuyo zabwino, amamuona kawirikawiri, ndipo sadalira iye pa chakudya kapena pa ntchito. Funso likhale lopapatiza. Kufunsa kuti "mumandiona bwanji" kumabweretsa mawu okoma okhaokha, pomwe kufunsa kuti "pamsonkhano uja, ndi chiyani chimodzi chimene ndikanachita mosiyana" kumapatsa woyankha poyambira. Yankho likabwera, wofunsa athokoze n'kukhala chete, chifukwa akadziteteza kamodzi sadzauzidwanso zoona. Mawu a munthu mmodzi akhoza kukhala a nsanje kapena olakwika, koma anthu atatu osadziwana akanena chinthu chimodzimodzi, n'chofunika kuchilingalira. Pali vuto lina limene ulemu umabweretsa. Mwana sadzudzula bambo, mkhristu amaopa kwambiri abusa, wantchito sauza bwana kuti akulakwitsa, ndipo anthu amasankha mawu pamaso pa mfumu. Motero munthu akamakwera, omuuza zoona amachepa, pa nthawi yomwe zolakwa zake zikupweteka anthu ambiri. Wa udindo ayenera kusunga dala anzake akale amene samuopa.

Nanga mayeso a khalidwe a pa intaneti ndi za nyenyezi, zimanena zoona?

Zambiri zimangomveka ngati zoona. Mu 1948, Bertram Forer anapatsa ophunzira ake 39 mayeso a khalidwe, kenako n'kupatsa aliyense pepala limene anati likufotokoza za iye yekha. Ambiri mwa ophunzirawo anapatsa mapepalawo malikesi 4 kapena 5, pomwe 5 ndiye anali malire, posonyeza kuti akulondola. Komatu onse analandira mawu ofanana, otengedwa makamaka m'kabuku ka za nyenyezi. Mawu osalunjika, okoma pang'ono ndi odzudzula pang'ono, amakwana aliyense. Mayeso otchuka a Myers-Briggs, amene amagawa anthu m'magulu 16, amadzudzulidwa chifukwa anthu ambiri akawalembanso patapita milungu ingapo amagwera m'gulu lina. Akatswiri ambiri amadalira muyeso wa mbali zisanu za khalidwe, umene suika anthu m'magulu koma umaona kuchuluka kwa mbali iliyonse mwa munthu. Ngakhale umenewu umangobweza zimene munthu wanena za iye mwini. Mayeso angapereke funso loyambira, koma asakhale chifukwa chosiyira ntchito, chokanira banja kapena chonenera kuti "ndi mmene ndinabadwira".

Kodi kudzisanthula si kudziimba mlandu, kapenanso kudzikonda?

Kukhoza kusanduka chimodzi mwa ziwirizi, koma pamenepo kwataya ntchito yake. June Tangney ndi anzake anasiyanitsa munthu wovomereza kuti wachita choipa ndi munthu woganiza kuti iye yense ndi woipa. Woyambayo amapepesa, amabweza ndi kukonza. Wachiwiriyo amabisala, amakana kapena amakwiyira ena. Kudzilanga ndi mawu owawa sikuwongola munthu monga ambiri amaganizira. Mu 2012, Juliana Breines ndi Serena Chen a ku Berkeley anapeza kuti ophunzira amene analimbikitsidwa kudzichitira chifundo atalephera mayeso ovuta anawerenga nthawi yaitali pokonzekera mayeso otsatira. Munthu amene sakuopa chimene achipeze mwa iye ndiye amatha kuyang'ana mosazemba. Za kudzikonda, muyeso wake ndi wosavuta: ngati amene amakhala naye m'nyumba akuona kusintha, kudzisanthulako n'kwenikweni. Umunthu umafuna munthu wodziwa mmene mawu ake amagwera pa ena, ndipo sangadziwe zimenezi osadziyang'ana.

Kodi munthu amafika podzidziwa kotheratu?

Safika, chifukwa amene akufufuzidwayo akusintha. Mu 2013, Jordi Quoidbach, Daniel Gilbert ndi Wilson anafalitsa zotsatira za anthu oposa 19,000 a zaka zapakati pa 18 ndi 68. A misinkhu yonse anavomereza kuti anasintha kwambiri m'zaka 10 zapitazo, koma ankayembekezera kusintha pang'ono chabe m'zaka 10 zikubwerazo. Ukwati, imfa ya kholo, udindo watsopano kapena kusamukira kudziko lachilendo kumaulula mbali zimene zinalibe mpata woonekera. Zimene munthu anadzipeza nazo ali ndi zaka 25 n'zofunika kuziunikanso akafika 40.

Ndi liti pamene munthu ayenera kusiya kudzisanthula yekha n'kukafuna thandizo?

Kudzisanthula si mankhwala a matenda a maganizo, ndipo kwa wodwala kukhoza kuwonjezera ululu. Ngati kwa milungu iwiri kapena kuposerapo munthu ali wachisoni pafupifupi tsiku lonse, sakusangalalanso ndi zimene ankakonda, tulo ndi chilakolako cha chakudya zasokonekera, kapena akudziona wopanda pake, afunika kuonana ndi achipatala. Chimodzimodzinso amene zoopsa zimene anakumana nazo, monga nkhanza kapena ngozi, zikumubwerera m'maloto ndi m'maso. Zoterezi sizifukulidwa munthu ali yekha. Thandizo la kuyankhulana limagwira ntchito. Ku Harare, Dixon Chibanda anayambitsa ntchito ya Friendship Bench, imene imaphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu pa mabenchi a pazipatala ndi kuwathandiza kusankha vuto limodzi n'kupeza chochita. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anasonyeza kuti okumana nawo maulendo asanu ndi umodzi anali ndi zizindikiro zochepa kwambiri patapita miyezi isanu ndi umodzi kuposa amene analandira chithandizo cha nthawi zonse. Ku Malawi, poyambira ndi chipatala cha boma chapafupi, chimene chingatumize wodwala kwa akatswiri monga a ku Zomba Mental Hospital kapena a St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Amene wayamba kuganiza zodzipha asadikire milungu iwiri ija: auze munthu amene amamukhulupirira tsiku lomwelo, ndipo apite naye limodzi kuchipatala.